Nyuzipepala za m'bokosi la apongozi anga ku Mchengautuwa

Apongozi anga aamuna, amene adaphunzitsa m'sukulu za pulayimale za m'maboma a Mzimba ndi Rumphi kwa zaka zoposa 30 asadapume pa ntchito, ali ndi bokosi lachitsulo limene limakhala kunsi kwa bedi lawo ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Mvula ya chaka chino itadontha padenga n'kunyowetsa chipinda chawo, adanditumizira uthenga kuti ndikawathandize kuyanika katundu, ndipo limenelo ndilo tsiku limene ndidaona koyamba zimene akhala akusunga m'bokosimo. Pamwamba padali masatifiketi, makalata a penshoni ndi zithunzi za ukwati wawo, koma pansi padali mitolo ya nyuzipepala yomangidwa ndi luzi, zina zofiirira ngati fodya wa m'chigafa, zina zodyedwa ndi njenjete m'mphepete monse. Nditafunsa kuti, "Bambo, zonsezi mumasungiranji?" iwo adandiyang'ana kanthawi asadayankhe. "Apongozi," adatero, "akuluakulu amati mlandu suola, koma pepala limene mlanduwo walembedwapo limaola. Tengani mukawerenge, ndipo mukadzabwera mudzandiuze kuti dzina la mudzi wa kwathu mwalipeza kangati."

Ndidawerenga mitolo yonse kwa masabata atatu, madzulo ndikaweruka. Dzina la Mzuzu ndidalipeza mwa apo ndi apo, makamaka pamene mtsogoleri wa dziko wabwera kudzayendera mbewu kapena pamene kwaseweredwa mpira. Dzina la mudzi wawo, umene uli m'mapiri a kumpoto kwa Ekwendeni, sindidalipeze ngakhale kamodzi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulingalira za mbiri ya nyuzipepala m'dziko lathu lino, dziko laling'ono limene kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 84 amakhala kumudzi. Funso limene likundivutitsa ndi lakuti nyuzipepala zathu zakhala zikulembedwera yani, ndipo ndani amene wakhala akusowamo.

Nyuzipepala imene lero timaitcha The Daily Times idayamba m'chaka cha 1895 ndi dzina lakuti The Central African Planter, ndipo dzinalo likuulula lokha eni ake: idali ya azungu a minda ya khofi a kumapiri a Shire, yolembedwa m'Chingerezi, yokamba za mbewu zawo, misika yawo ndi madandaulo awo ku boma la atsamunda. Pambuyo pake idatchedwa Central African Times, kenaka Nyasaland Times. Munthu wakuda ankatchulidwamo kwambiri ngati wantchito, wamtengatenga kapena wokhoma msonkho. Chimene chidachitika mu Novembala 1914 chimandikhudza mpaka lero. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idali itafika kale kuno kumpoto, ku Karonga, kumene asilikali a Britain ndi a Germany adamenyana mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo ambiri mwa amene adafa adali Aafirika. M'busa John Chilembwe adalembera kalata Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka, amene sadzapindula kanthu ndi nkhondoyo, ndiwo akutumizidwa kukafa n'kusiya amasiye, ndipo boma lidaletsa kalatayo kuti isafalikire. Patangopita miyezi iwiri, mu Januwale 1915, Chilembwe adaukira boma. Sindikunena kuti kalatayo ikadaloledwa magazi sakadakhetsedwa, koma ndi zoona kuti munthuyo adayamba wagogoda pakhomo la nyuzipepala, ndipo khomolo lidatsekedwa.

Mbiri imene sitiikamba mokwanira ndi ya kuno kumpoto. Amishoni a Livingstonia, amene kwa zaka zambiri ankatsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adayambira ku Cape Maclear mu 1875, adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 adakwera phiri la Khondowe kumene adamanga sukulu yaikulu yophunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala ndi ntchito zamanja. Pakati pa ntchito zamanjazo padali ya kusindikiza. Anyamata a Chitonga, Chitumbuka, Chingoni ndi Chinkhonde adaphunzira kutola timalemba tachitsulo kamodzikamodzi, kutindanda chobwerera m'mizere, kupaka inki ndi kupanikiza pepala, ntchito yofuna maso akuthwa ndi kuleza mtima. Mu 1897 mishoniyo idayamba kutulutsa kanyuzipepala kotchedwa The Aurora, kamene pambuyo pake kadalowedwa m'malo ndi The Livingstonia News. Izi zidali za Chingerezi, ndipo owerenga ake ambiri adali abwenzi a mishoni a ku Scotland. Koma m'zaka za m'ma 1930 ku Livingstonia kunkatuluka Vyaro na Vyaro, kutanthauza maiko ndi maiko, nyuzipepala ya m'zinenero za anthu a konkuno, mmene aphunzitsi, akuluampingo ndi amuna amene adapita kutheba ankalembamo maganizo awo. Apongozi amati bambo awo, amene adagwira ntchito ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ankasimba kuti pepala limodzi lochokera kwawo linkayenda m'manja mwa anthu a m'komboni yonse mpaka litang'ambika m'mapindo.

Dzina lakuti Vyaro na Vyaro limandiuza zambiri. Kumpoto kuno kudalibe minda ikuluikulu ya azungu yolemba anthu ambiri ntchito ngati ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, pamene sukulu zidali zambiri, motero anthu ophunzira ankachoka kupita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi ku migodi ya kopa. Mudzi udamwazikana m'maiko, ndipo pepala losindikizidwa ndilo linkaulumikizanso. Mmodzi wa ana a sukulu ya Khondowe, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, adakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo bungwelo lidali ndi nyuzipepala yake, The Workers' Herald. Levi Mumba ndi anzake, amene adayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association mu 1912, chida chawo chachikulu chidali cholembera ndi pepala. Mipingo ina nayo idachita mbali yake: a Dutch Reformed ankatulutsa Mthenga, imene pambuyo pake idakhala Kuunika ya Sinodi ya Nkhoma, ndipo Akatolika adakhazikitsa makina awo ku Likuni, kumene kudatuluka Odini. Tinganene motsimikiza kuti munthu wamba wa m'dziko lino adayamba kuwerenga nkhani m'chinenero chake kudzera ku mpingo, osati ku makampani a malonda.

Boma la atsamunda litaona kuti anthu akuwerenga, nalonso lidayamba kulankhula nawo papepala, ndipo nkhondo yachiwiri itatha lidatulutsa nyuzipepala yotchedwa Msimbi. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953, nkhondo ya mawu idakula. Pa 3 Malichi 1959 boma lidalengeza lamulo ladzidzidzi, lidamanga Dr Kamuzu Banda ndi atsogoleri ena, lidaletsa chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo tsiku lomwelo anthu ambiri adaomberedwa padoko la Nkhata Bay, mtunda wosafika makilomita 50 kuchokera pamene ndikulembera pano. Chaka chomwecho Orton Chirwa adayambitsa Malawi Congress Party, ndipo mnyamata wa zaka 20 zokha, Aleke Banda, amene makolo ake adali a ku Tukombo m'boma la Nkhata Bay, adayambitsa Malawi News kuti ikhale mawu a chipanicho. Inkalembedwa pa taipi n'kuchulukitsidwa pa makina opukusa ndi dzanja, koma anthu ankailimbirana chifukwa inkanena zimene Nyasaland Times sikadanena.

Chimene chidachitika ufulu utabwera mu 1964 n'chomvetsa chisoni, chifukwa nyuzipepala imene idabadwa kuti itsutse boma idasanduka yoimbira boma m'manja. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kampani ya Blantyre Printing and Publishing, mwini wake wa Times, idali m'manja mwa Kamuzu, ndipo Daily Times ndi Malawi News zidakhala ana a nyumba imodzi. M'mitolo ya apongozi ya zaka zimenezo, tsamba loyamba lililonse likuyamba ndi Ngwazi: Ngwazi yafika, Ngwazi yayendera mbewu, Ngwazi yalangiza. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loona zoyenera kuwerengedwa ndi kuonedwa, ndipo mtolankhani ankadziwa kuti chiganizo chimodzi chikhoza kumufikitsa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Aleke Banda mwiniyo adatsekeredwa kuyambira 1980 mpaka 1992. Mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankalemba ali ku ukapolo wa ndale ku Zambia, adafa mu 1989 pamodzi ndi ambiri a m'banja lake nyumba yawo ya ku Lusaka itaponyedwa bomba la moto.

Pali chinthu china cha chaka cha 1968 chimene ine, monga munthu amene Chichewa ndidayamwira kwathu ku Ntchisi, ndiyenera kuchilemba mosabisa. Msonkhano waukulu wa chipani wa chaka chimenecho udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Ndimakonda chinenero changa, ndipo ndikuthokoza kuti chimandilola kulankhula ndi munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa. Koma dera limene lidali ndi makina osindikizira kuyambira nthawi ya azigogo athu lidangouzidwa tsiku limodzi kuti chinenero chake n'cha kunyumba ndi kutchalitchi basi. Apongozi amakumbukira kuti nyuzipepala ya boma ya Boma Lathu, imene inkagawidwa mwaulere, inkafika pasukulu pawo m'mitolo, ndipo iwo ankaima pansi pa mtengo kumasulira makolo m'Chitumbuka nkhani za feteleza ndi katemera. Nkhanizo zidali zothandiza, sakana, koma zinkangotsika kuchokera kumwamba. Palibe tsamba limene mayi wa m'mudzi mwawo akadafunsirapo chifukwa chimene mlatho wawo sudamangidwe. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi ya boma mu 1994, patapita zaka 26.

Mtolo waukulu kuposa yonse m'bokosi muja ndi wa zaka za 1992 mpaka 1994, ndipo apongozi akaugwira nkhope yawo imasintha. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka pa makina a ansembe a Montfort, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Nyumba ya makinawo idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche, amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. Pa 6 Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kuchokera pamenepo mapepala osasainidwa adayamba kuyenda usiku, ochulukitsidwa pa makina a fotokope a m'maofesi, opindidwa m'masokosi ndi m'Mabaibulo. Apongozi ali nawo atatu otere, ofufutika kotero kuti mawu ena saoneka, ndipo amati ankawabisa m'thumba la chimanga.

Pamene riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inkayandikira, ndipo makamaka itadutsa, nyuzipepala zidaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba. Zidaposa 20. M'bokosimo ndapezamo The Independent, The Monitor, Michiru Sun, The Democrat, UDF News, The New Express, The Enquirer ndi The Nation, imene Aleke Banda adaiyambitsa mu Julayi 1993 atatuluka m'ndende. Ndikaziwerenga lero ndimaona zolakwika zambiri: mphekesera zolembedwa ngati zoona, kunyoza kosayenera, ndi kukondera chipani kosabisa. Komabe ndimamvetsa chifukwa chimene mphunzitsi wa malipiro ochepa ankadzimana ndiwo kuti azigule. Amati pa depoti ya basi ya Mzuzu anthu ankadikira mtolo wochokera ku Blantyre monga mmene amadikirira wachibale, ndipo munthu mmodzi akagula, anthu khumi ankamuzungulira kuti awerenge mokweza. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitachitika, Malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene adalemba ufulu wa atolankhani m'gawo 36, adayamba kugwira ntchito.

Zambiri mwa nyuzipepala zimenezo zidafa zisadakwanitse zaka zisanu, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Mapepala osindikizirapo, inki ndi zipangizo za makina zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, motero kwacha ikagwa mtengo wa nyuzipepala umakwera. Ndalama zenizeni za nyuzipepala sizichokera kwa ogula koma kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda aakulu m'dziko lino ndi boma, mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe, amene malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zimene zinkadalira thumba la wandale zidatha pamene wandaleyo adapeza mpando kapena kuutaya. Zidatsala nyumba ziwiri zikuluzikulu, ya Times ndi ya Nation, zonse za ku Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre. Kuti nyuzipepala yochokera kumeneko ifike ku Mzuzu iyenera kuyenda makilomita oposa 600, kudutsa chifunga cha ku Chikangawa, ndipo kuti ifike ku Chitipa, ku Nthalire kapena ku Usisya pamafunika ulendo wina pamwamba pa umenewo. Ndili mwana, bambo anga atasamutsidwira kuno pa ntchito ya ukalaliki, nyuzipepala ya Lolemba tinkaiona madzulo kapena Lachiwiri, ndipo kumudzi inkafika patatha mwezi, itakulunga usipa kapena mandasi, mwinanso kuti agogo apichire fodya.

Sindikufuna kuchepetsa ntchito imene nyumba ziwirizi zagwira. Zili ndi maofesi ndi atolankhani kuno ku Mzuzu, ndipo pa 20 Julayi 2011, pamene anthu adaomberedwa m'misewu ya mzinda uno pa zionetsero, n'kukaikidwa ku manda a ku Zolozolo, atolankhani adaika moyo wawo pachiswe kuti dziko lidziwe. Malawi News ili ndi masamba a Chichewa otchedwa Tikambe, Weekend Nation ili ndi Tamvani, ndipo a Nation adayambitsanso Fuko, nyuzipepala yaulere ya m'Chichewa ndi m'Chitumbuka yolunjika kwa anthu a kumudzi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Zonsezi n'zoyamikika. Koma mtolankhani mmodzi kapena awiri sangakwanitse maboma asanu ndi limodzi a chigawo chino, ndipo mkonzi amene ali ku Blantyre ali ndi masamba owerengeka oti agawire dziko lonse. Zaka zingapo zapitazo komiti ya sukulu ya kumudzi kwa apongozi idalembera nyuzipepala ina za chipinda chophunziriramo chimene denga lake lidasasuka ndi mphepo. Adayankhidwa mwaulemu kuti mtolankhani angabwere ngati patapezeka ndalama ya mafuta, ndipo poti ndalamayo padalibe, nkhaniyo sidalembedwe.

Anzanga amandiuza kuti ndikulira maliro a chinthu chimene nthawi yake idatha, popeza lero kuli wailesi ndi foni. Mbali ina akunena zoona. Wailesi za m'madera, monga Radio Tigabane, Voice of Livingstonia ndi Mzimba Community Radio, zimalankhula chinenero cha anthu, zimalengeza maliro ndi misonkhano, ndipo mlimi wosadziwa kuwerenga amatha kuimba foni n'kufunsa khansala wake funso dziko likumva. Zimenezi nyuzipepala sidazikwanitsepo. Magulu a pa WhatsApp ndi masamba a pa Facebook amafalitsa nkhani ya ngozi ya pa Chiweta galimoto isadachotsedwe pamsewu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo, ndipo uthenga wa pa foni umatha foniyo ikagwera m'madzi kapena ikabedwa. Lonjezo limene phungu adapereka pa wailesi chaka chatha, ndani angalitulutse lero n'kulitambasula patebulo pamaso pake? Mzinda wa Mzuzu udayamba ngati munda wa mitengo ya tung, imene njere zake zimayengedwa mafuta, m'zaka za m'ma 1940, udakhala mzinda mu 1985, ndipo mu 2018 udali ndi anthu oposa 220,000, koma mwana amene adzafune kudziwa mmene Chibavi, Chiputula kapena Masasa zidakulira, ndani adagawa malo, ndi liti madzi adasefukira, adzafufuza m'nyuzipepala zolembedwera anthu a kutali.

Ngakhale zochepa zimene zidalembedwazo sizili pamalo otetezeka. Nyumba yosungira zolemba zakale za dziko ili ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno, ndipo mu Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu idapsa, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Nyengo ya mzinda uno, ya mvula yamawawa ndi chinyezi, simvera chisoni pepala. Ndikukhulupirira kuti m'nyumba zambiri za aphunzitsi, abusa ndi makalaliki opuma za ku Katawa, ku Luwinga, ku Ekwendeni ndi ku Embangweni muli mabokosi onga a apongozi anga, ndipo eni ake akamwalira, ana amayatsira moto mapepalawo posadziwa kuti mwina ndi okhawo amene atsala.

Maganizo anga ndi akuti chigawo chino chikufunika nyuzipepala yakeyake, ngakhale ya masamba anayi yotuluka kamodzi pamwezi, yolembedwa m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, yosathamangira ndale za ku Nyumba ya Malamulo koma yolemba zimene khonsolo yagamula, mtengo wa khofi ndi mpunga, mayina a ana amene asankhidwa kupita kusekondale, milandu ya malo ndi mbiri ya anthu amene amwalira. Ndikudziwa kuti ndalama ndilo phiri, ndipo ndafotokoza kale mmene phirilo lidagwetsera ena. Koma amishoni a ku Khondowe adasindikiza pa nthawi imene zipangizo zinkakwera phiri pamitu ya anthu kuchokera kunyanja, pamene ife tili ndi makompyuta, masitolo osindikiza m'tauni, ophunzira a pa yunivesite ndi wailesi zimene zili kale ndi atolankhani m'midzi. Wailesi iliyonse ya m'dera itamasindikiza nkhani zake zikuluzikulu za mwezi n'kusiya kope kulaibulale, kusukulu ndi kwa mfumu, chiyambi chikhoza kukhala chimenecho.

Loweruka lapitali ndidabweza mitolo ija ku Mchengautuwa, ndipo ndidawauza apongozi kuti dzina la mudzi wawo sindidalipeze. Adagwedeza mutu osadabwa, kenaka adapisa dzanja m'chivundikiro cha bokosilo n'kutulutsa kope la sukulu lachikuto chofiira. M'menemo akhala akulemba okha kuyambira 1974, ndi cholembera cha inki, tsiku limene chitsime cha m'mudzi chidakumbidwa, chaka chimene matalala adawononga fodya, mayina a mafumu ndi masiku amene adalongedwa, ndi ana onse a m'mudzimo amene adafika kusekondale. Tagwirizana kuti Loweruka lililonse ndizipita ndi foni kukajambula masamba a kopelo ndi a nyuzipepala zija limodzilimodzi, iwo akundifotokozera zimene inki idafufutika. Tayamba ndi mtolo wa 1992, ndipo tafika pa tsamba la 41.